Tikufuna mpikisano wa njinga pasukulu pano

Anzanga, ikakwana nthawi ya masewero, anyamata amathamangira mpira wamiyendo, atsikana wamanja. Ife otsala timangokhala pansi pa mango kudikira belu. Koma tasuzumirani kuseri kwa kalasi ya Fomu 1. Njinga zili mbwee, zotsamira khoma. Eni ake apalasa m'mawa kuchokera kutali, ena makilomita 8 ngati ine, ndipo madzulo apalasanso. Ndiye funso langa ndi ili: bwanji chinthu chimene ambiri pano timachitha kuposa china chilichonse sichiwerengedwa ngati masewero?

Pa holide, achimwene anga ochokera ku Joni anandionetsa kanema pa foni yawo. Anali anthu miyandamiyanda akupalasa njinga m'phiri, m'kanjira ka miyala, pakati pa mitengo ya paini. Ena anatsika n'kumakankha, ndendende mmene timachitira pa chitunda cha kuchigayo. Ndinaseka. Kenako ndinabwereka foniyo n'kuwerenga mpaka bandulo inatha.

Mpikisanowo dzina lake ndi Leadville Trail 100, ndipo umachitika mu Ogasiti chaka chilichonse ku Colorado, m'dziko la America. Mtunda wake ndi mamailosi 100, kapena kuti makilomita pafupifupi 160, tsiku limodzi. Tauni ya Leadville, pomwe amayambira, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,100. Mukukumbukira za m'Jogalafe kuti Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002? Ndiye kuti anthuwa poyambira pawo pokha ndi pamwamba kuposa malo alionse m'Malawi muno. Akachoka apo amakwerabe mpaka pa mgodi wakale wa Columbine, mamita pafupifupi 3,800, n'kutembenuka kubwerera komwe achokera. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka. Munthu ukakoka mpweya, okosijeni imalowa yochepa, choncho mtima umagunda kwambiri ndipo miyendo imalema msanga. Amene wamaliza maola 12 asanathe amalandira chitsulo chomangira lamba. Womaliza maola 9 asanathe amalandira chachikulupo. Anthu amavutikira ka chitsulo basi, ndipo ofuna kulowa nawo ndi ambiri moti mpaka amachita kupanga maere.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi chiyambi chake. Anthu a ku Leadville ankadalira mgodi wotchedwa Climax. Mgodiwo utatsekedwa mu 1982, masauzande anachotsedwa ntchito. Mmodzi mwa iwo, Ken Chlouber, anaona kuti tauniyo ikufa. Anayang'ana zomwe zatsala, n'kupeza kuti ndi mapiri, nkhalango ndi tinjira. Mu 1983 anayambitsa mpikisano wothamanga mamailosi 100 kuti alendo azibwera, azigona komweko ndi kugula zakudya komweko. Wa njinga unayamba mu 1994. Lero dzina la katauni kameneka lafika mpaka pa foni ya achimwene anga, m'mudzi mwathu mopanda magetsi.

Tsopano tiyang'ane phiri lathu. Agogo anga amati kale ukalowamo masana umaona ngati kwada chifukwa cha mitengo ya masuku ndi mitsamba (ayi, sindikukokomeza, afunseni agogo anu). Lero mbali ya kuno kwatsala zitsa. Sindiloza munthu chala, chifukwa yunifolomu imene ndavalayi inagulidwa ndi ndalama ya makala. Amalume anga amatsika m'phirimo ndi matumba atatu pa kaliyala, mbandakucha, mabuleki ake ndi phazi. Kunena zoona, anthu a mu kanema aja atapatsidwa njinga ya amalume ndi katundu wakeyo sangafike n'komwe pa mlatho. Mphamvu tili nazo, njira za m'phiri tikuzidziwa. Chokhacho, kwa ife njinga ndi phiri zimakumana pa makala basi. Mitengo ikadzatha, amalume adzakhala ngati anthu a ku Climax aja, ndipo ife sitidzakhala ndi nkhalango yoti n'kuitanira mlendo.

Ndikudziwa zimene ena munene, chifukwa anzanga a m'kalasi anandiuza kale.

Wina anati, "Za azungu izo, aise. Njinga zawo n'zamagiya, mtengo wake kuposa nyumba yanu." Zoona, n'zodula. Koma ine sindikuti tipite ku Colorado. Tikamasewera mpira opanda nsapato, alipo amene amati tisiye poti ku England amavala zodula? Ndiponso si zachilendo kuno kwathu. Ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, anthu akhala akupikisana pa njinga, ndipo ku Mulanje onyamulira alendo katundu ali ndi mpikisano wawo wothamanga m'phiri.

Wina anati atsikana sangathe. Kodi amene amapita kuchigayo ndi thumba la chimanga pa njinga ndani? Ku Leadville komweko mayi wina, Rebecca Rusch, anapambana mbali ya amayi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2012. Atsikana a pasukulu pano akhale ndi mpikisano wawo, mphoto yofanana ndi ya anyamata.

Koma mawu amene anandikhalitsa chete ananena ndi mnzanga amene timapalasira limodzi. Iye anati, "Njinga ndi ya adadi. Ikathyoka folok o, amayi akadwala usiku tipita nawo bwanji kuchipatala?" Apa sindinaseke. Pakhomo pathu njinga ndi ambulansi, ndi ngolo, ndi basi yopitira kusukulu. Tcheni chitaduka temu yatha ndinayenda pansi sabata yathunthu, ndipo katatu ndinatchetcha udzu chifukwa chochedwa. Ndiye nkhawa imeneyi si yoti tiikankhire kumbali. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna mpikisano, tivomerenso malamulo ake.

Nawa maganizo anga. Tiyambe ndi mtunda wochepa, makilomita 10, kuchokera pageti mpaka pomwe mitengo idakalipo m'phirimo. Tipikisane pokwera pokha, chifukwa ngozi zambiri ndi kuthyoka kwa njinga zimachitika potsetsereka. Pobwerera titsike pang'onopang'ono tonse pamodzi, pamalo oipa tikukankha. Aliyense abweretse kalata yoti makolo avomera. Dzulo lake wokonza njinga wa pamsika aone mabuleki ndi matayala, ndipo njinga yopanda mabuleki isalowe, ngakhale mwini wake alire. A Fomu 3 ndi 4 amene sakupalasa aime m'njira ndi zigubu za madzi, pampu ndi zomatira chubu. Afumu tiwapemphe chilolezo, ndipo tiwaitane kuti adzapereke okha mphoto. Mphotoyo isakhale yovuta: chubu chatsopano kapena makope. Ndipo popeza tikhala takwera kale, a Wildlife Club atinyamulitse mbande aliyense imodzi pa kaliyala, tikadzale kumtundako. Zikatero mpikisano uzichitika nthawi ya mvula isanathe, kuti mbandezo zigwire.

Kodi zimenezi zibweretsa alendo ndi ndalama ngati ku Leadville? Chaka chino ayi, chaka chamawa kaya. Ndikanati inde ndikanakunamizani. Koma mpikisano woyamba wa Ken Chlouber unali ndi anthu 45 okha, ndipo njinga zomwe zili kuseri kwa Fomu 1 sizichepera pamenepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti mnyamata kapena mtsikana amene amatchedwa "wakabaza" monyoza, tsiku limenelo adzaomberedwa m'manja ndi sukulu yonse. Ndipo amene wadzala mtengo ndi dzanja lake sachedwa kufunsa akaona wina akuudula.

Aphunzitsi athu a zamasewero, tikupempha mutiganizire pa pulogalamu ya temu ikubwerayi. Anzanga amene mukugwirizana nane, pansi pa nkhaniyi ndamata pepala. Lembani dzina, kalasi ndi mtunda umene mumapalasa tsiku lililonse. Tikakwana 20 ndikalipereka ndekha ku ofesi Lolemba. Otsutsa nanunso lembani zanu mumate pambali pomwepa, koma chonde musang'ambe langali.

Mnzanu wa Fomu 2