Chitseko Anatsekula Ndi Hezekiya

Musanapitirire, tsekulani 2 Mafumu 20 kuyambira ndime 12.

Amithenga a ku Babulo sanabwere ndi mikondo. Anabwera ndi kalata ndi mphatso, kudzazonda mfumu imene inali itadwala. Hezekiya pokondwa anawayendetsa mosungiramo chuma monse, kuwaonetsa siliva, golide ndi zida za nkhondo, osabisa kanthu. Yesaya atafika sanathamangire alendo aja kuti akawadzudzule. Anaima pamaso pa mwini nyumba.

Masiku ano ambiri akufuula kuti tikhale ndi malamulo oteteza sukulu, kafukufuku ndi boma ku zofuna za maiko akunja. Ndikuvomereza. Koma ndikutsutsana ndi amene akufuna lamulo loyang'ana mlendo yekha, nkusiya wogwira kiyi.

Ife a Sinodi ya Nkhoma sitingadane ndi mlendo popanda kudzitukwana tokha. Uthenga unafika ku Mvera mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ochokera ku South Africa, ndipo mu 1903 unakhazikika pa Mphunzi m'boma lathu lino la Dedza. Agogo athu anadziwira kuwerenga m'sukulu za mishoni. Makolo sananame kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Funso nlakuti akumeta ndani, ndipo wamuloleza ndani.

Kumbukirani za ku Njewa ku Lilongwe. Mu June 2022 a BBC anaulula kuti Lu Ke, nzika ya ku China, ankajambula ana a m'mudzi akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chimene sankachimva, iye nkumagulitsa makanemawo. Anathawira ku Zambia, anamugwira ku Chipata, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa. Koma munthuyu sankachita zimenezi usiku m'phanga. Ankachita masana, pakati pa mudzi, pamaso pa akuluakulu. Ana athu anadikira atolankhani a BBC kuti awalankhulire. Manyazi ake ndi athu.

Pa kafukufuku lamulo lilipo kale. Lamulo la sayansi la 2003 linakhazikitsa National Commission for Science and Technology, ndipo wofuna kufufuza pa anthu ayenera kuyamba wapeza chilolezo. Nanga ndi nyakwawa zingati zimene zimapempha kuona kalatayo? Galimoto yoyera ikaima pa bwalo timathamangira kuyala mphasa. Amatifunsa za ana, za matenda, za mbatatesi imene takumba chaka chino, timayankha zonse, tapatsidwa sopo kapena botolo la zakumwa, basi. Zimene anapeza sitidzazimvanso. Ndipo pamene anthu sauzidwa zoona, mphekesera imalowa m'malo. Tinaona mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu akuphedwa chifukwa cha nkhani za anamapopa. Magazi amenewo sanakhetsedwe ndi mlendo.

Tsono tifike kwa Hezekiya weniweni. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo la mabungwe omwe si aboma, kuti azionetsa za ndalama zawo ku NGORA. Chabwino. Koma aphungu omwewo ali ndi lamulo lawo la zipani la 2018, lonena kuti chipani chiulule mphatso ya K1 miliyoni kapena kuposa yochokera kwa munthu, ndi ya K2 miliyoni yochokera ku bungwe. Mlembi woyang'anira zipani anasankhidwa mu 2024, patatha zaka zonsezo mpando uli wopanda mwini wake weniweni. Nsalu, njinga ndi magalimoto a kampeni timaziona ndi maso athu pa Linthipe, pa Lobi ndi pa Mayani. Wagula ndani? Amene wagulira munthu galimoto ya kampeni sadzadikira pa benchi tsiku lokambirana za migodi, za malo kapena za mabuku a ana athu. Kufunsa kabungwe kokumba mijigo za ndalama zake, chipani nkumayenda chikwama chotseka, ndi chinyengo, ndipo chipani chilichonse chimene chalamulirapo chili m'mlandu umenewu.

Mpingo nawonso usadziyeretse. Thandizo la America litaimitsidwa mu January 2025 tinadziwira pomwepo kuti zipatala zathu zinatsamira pa khoma la eni. Sitingamakane maphunziro amene sitikugwirizana nawo pamene denga la kalasi, phala la ana ndi choko tikudikira wina. Sukulu zambiri kuno nza mpingo, komabe pa msonkhano wa makolo mipando imakhala yopanda anthu.

Inu amene muli m'makomiti a sukulu, mlendo akabwera ndi ntchito iliyonse ya ana, mulandireni mwaulemu, mumpatse mpando. Kenako mupemphe kalata ya ku ofesi ya maphunziro pa boma, mufunse amene akulipira, ndipo buku limene akufuna kugawa muliwerenge nokha lisanafike m'manja mwa mwana. Aphungu athu akadzabwera ku maliro kapena ku chikondwerero cha mpingo, tidzawafunse pamaso pa anthu kuti chipani chawo chinapereka liti kwa mlembi maina a amene anachithandiza.