Musatenthe Cuma ca m'Nthaka



Caka ndi caka, pofika nyengo ya kusosa, utsi ukwera m'minda ponseponse. Anthu ati alikukonza munda. Koma ine nditi alikutentha cakudya ca ana ao. Tamvani cifukwa cace.

Nthaka ya mphanje iri yakuda ndi yofewa. Koma ikalimidwa zaka zambiri osaibwezera kanthu, isanduka yotuwa ndi youma. Cakudaco ndico zoola za masamba, mizu ndi ndowe, ndipo coposa theka lace ndi cinthu cimene anzeru acicha kaboni. Mbeu zitenga kaboniyo mumpweya pamene zikula padzuwa, nizimanga naye mapesi ndi mizu. Phesi likaolera m'munda, gawo lina la kaboni litsala m'nthaka, ndipo nthakayo imwa bwino madzi a mvula, nisunga cinyezi ndi cakudya ca mbeu. Koma phesi likapsya, kaboni abwerera kumwamba ndi utsi, pamodzi ndi naitrojeni wobiriwitsa cimanga. Kutsala phulusa lokha, limene mphepo iulutsa.

Tsono dziko lotentha monga lathu liri ndi bvuto lace. Tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tioletsa zinyalala, tigwira nchito msanga pakakhala kutentha ndi cinyezi. Cotero kaboni wambiri wa manyowa amene muthira lero abwerera kumpweya zisanapite zaka zambiri. Nthaka ya mcenga imtaya msanga koposa ya dongo.

Pa Kabete, m'dziko la Kenya, anayamba mu 1976 kuyesa cinthu ici m'minda ya cimanga ndi nyemba. Zitapita zaka zambiri anapeza kuti kaboni anacepa m'minda yonse; koma anacepa koposa kumene anathira feteleza yekha nacotsa mapesi, ndipo anacepa pang'ono kumene anathira ndowe nasiya mapesi. Feteleza adyetsa mbeu za caka cino, ndipo sindimnyoza. Koma sabwezera cakuda ca m'nthaka. Munda ufanana ndi nkhokwe imene atapamo masiku onse: wosathiramo caka ciri conse adzaipeza yopanda kanthu.

Kapena wina adzati, Moto ndiwo upha kapuci ndi mbeu za udzu. Zoona, koma mulu wa manyowa wounjikidwa bwino utentha m'kati mwace, nupha zambiri za izi, cuma cosatayika. Sir Albert Howard anaonetsa njira yace ku Indore, m'dziko la India, pakati pa 1924 ndi 1931, ndipo njirayo ndi iyi. Yalani mapesi oduladula ndi masamba, pamwamba pace ikani ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku, ndi dothi ndi phulusa pang'ono, wazani madzi, bwerezani comweco kufikira mulu wakula. Muutembenuze katatu, ndipo ikatha miyezi 3 manyowa apsya. Mitengo ya thonje ndi ya fodya yokha ndiyo muizule ndi kuitentha, cifukwa ca matenda ace.

Bzalaninso nandolo pakati pa cimanga, pakuti masamba ace agwa naolera pomwepo. Ndipo mtengo wa msangu musaudule m'munda.

Musayembekeze kuona nthaka itada caka cimodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma inu ndinu olamula pakhomo: uzani anyamata osaka mbewa kuti caka cino moto usalowe m'munda mwanu.