Wonena "phokoso" ndi wonena "moto" ndi mapasa

Pali mawu awiri amene akutigonthetsa makutu m'makomboni muno, ndipo onse ndi aafupi. Loyamba ndi "phokoso". Lachiwiri ndi "moto", lija limabwera ndi tizithunzi titatu ta malawi pansi pa link ya nyimbo pa WhatsApp. Ambiri amaganiza kuti mawu awa ndi adani, kuti wina akunyoza pamene mnzake akutamanda. Ine ndikuti ndi mapasa a mimba imodzi. Onse amatuluka m'kamwa mwa munthu amene sanamvetsere, ndipo onse amatseka nkhani isanayambe.

Ulesi umenewu umaonekera poyera kwambiri pa jazi ija amati free jazz. Tumizani nyimbo yatsopano ya Yo Maps m'gulu, aliyense ali ndi chokamba: mawu ake, kavinidwe, zovala za mu vidiyo. Tsopano tumizani nyimbo ya mphindi 18 ya saksofoni, besi ndi ng'oma, yopanda kolasi yoti muziimbira limodzi. Mphindi imodzi isanathe wina wayankha kale kuti "chotsani phokoso ili". Mnzake, wofuna kuoneka wozindikira, waponya malawi ake atatu nthawi yomweyo. Nyimbo ya mphindi 18 yaweruzidwa kawiri m'mphindi imodzi. Masamu a giredi 3 akukwana kutiuza kuti palibe wafika nayo ngakhale pakati.

Kwa amene simunakumane nayo, nkhani ili motere. Mu jazi yozolowereka oimba amayamba ndi kanyimbo kodziwika, kenaka aliyense amapeka zake pamwamba pa mzere wa makodi umene umazungulira ngati minibasi ya ku Kulima Tower: kunyamuka, kubwerera, kunyamukanso, msewu womwewo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Ornette Coleman, Cecil Taylor ndi ena ku America anafunsa kuti, nanga titasiya msewuwo? Makodi ozungulira aja anachoka. Nthawi zina ngakhale kugunda kokhazikika kwa ng'oma kunachoka. Chotsala chinali chimodzi chabe: aliyense amvetsere anzake ndi kuwayankha pomwepo. Woimba zoloweza ali ndi pobisala. Uyu alibe.

Chimbale chimene chinapatsa nyimbozi dzina, Free Jazz, Coleman anachijambula ku New York mu Disembala 1960. Oimba anali 8, magulu awiri a anthu anayianayi, gulu lina kukhutu lamanzere, lina kukhutu lamanja, onse akuimba nthawi imodzi kwa mphindi 37. Magazini ya DownBeat inasindikiza ndemanga ziwiri za chimbalechi mu 1962. Pete Welding anachipatsa nyenyezi zisanu. John Tynan sanachipatse ngakhale imodzi. Sindikutchula izi kuti tisankhe wolondola. Chimene ndikufuna muone n'chakuti onse awiri anakhala pansi, anamvetsera, analemba zifukwa zawo, ndipo patapita zaka zoposa 60 anthu akukanganabe pa zimene awiriwo analemba. Malawi anu atatu adzawerengedwa ndi ndani chaka chamawa?

Ndikudziwa chimene chikubwera. "Zimenezo ndi za kumayadi. Ndi za azungu ndi ana a ku Kabulonga amene sadziwa mtengo wa pamela." Ili ndi bodza limene limandipweteka kuposa onse, chifukwa limalanda osauka chinthu chimene anapanga okha ndi kuchipereka kwa olemera popanda ndewu.

Coleman anakulira muumphawi ku Fort Worth, Texas. Mu 1949, atatha kuimba ku Baton Rouge, anthu anam'menya ndi kum'phwanyira saksofoni. Ku Los Angeles ankagwira ntchito yoyendetsa lifiti, ndipo saksofoni yoyera imene anatchuka nayo inali yapulasitiki chifukwa yachitsulo inam'kanika mtengo. Mphotho ya Pulitzer inadzam'peza mu 2007 ali nkhalamba. Ku Chicago, mu 1965, oimba akuda a ku South Side anatopa kudikira eni mabala kuti awapatse malo, anayambitsa bungwe lawo la AACM, kumakonza okha makonsati ndi kuphunzitsa ana a m'dera lawo mwaulere. Kumeneko si kumayadi.

Ndipo simufunika kuwoloka nyanja. Louis Moholo anali wa ku Langa, Cape Town. Dudu Pukwana wa ku Walmer, Port Elizabeth. Johnny Dyani wa ku Duncan Village, East London. Makomboni okhaokha, ngati Kanyama ndi Chawama. Pamodzi ndi Mongezi Feza, Nikele Moyake ndi woimba piyano wachizungu Chris McGregor anapanga gulu la Blue Notes, limene malamulo a tsankho sankalifuna chifukwa wakuda ndi mzungu ankaimba pa nsanja imodzi. Mu 1964 anapita kukaimba ku chikondwerero cha jazi ku Antibes, France, ndipo ambiri a iwo sanabwererenso kukakhala kwawo. Ku London anasintha kaimbidwe ka m'badwo wonse wa oimba a kumeneko. Feza anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 30, Dyani mu 1986, Pukwana ndi McGregor mu 1990. Moholo yekha ndiye anabwerera kukakalambira ku Langa, ndipo anatisiya mu June 2025. Ndi angati m'magulu athu a WhatsApp anamulira?

Zoona, lero m'maholo a ku Berlin ndi London omvera nyimbozi ambiri ndi azungu, ndipo zimbale zake n'zodula. Koma zimenezo zikutiuza za wogula, osati za wopanga. Ife a ku Zambia tiyenera kudziwa kusiyana kumeneku kuposa wina aliyense, chifukwa kunatichitikira. Zimbale za WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family zinadya fumbi m'nyumba zathu kwa zaka zambiri, ana akuziseweretsa, akulu akuti ndi phokoso la anyamata a chamba. Jagari Chanda anali kukumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndiyo inadzatulutsanso nyimbo za WITCH m'bokosi limodzi mu 2012. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika mu Noid, ndipo tsiku lomwelo dziko lonse la pa foni linadzaza malawi. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Malawi a 2024 sanam'gulire ngakhale nsambo imodzi ya gitala. Pakati pa "phokoso" la makolo athu ndi "moto" wathu panasowa anthu okwanira omvetsera ndi kulemba. Ochepa amene anachita zimenezo, monga Leonard Koloko wa buku la Zambian Music Legends, ndiwo atisungira mayina ndi zaka.

Tibwerere ku liwu lija la phokoso. Khutu limene likunena zimenezi ndi lomwe lija limalowa m'nyumba ya maliro, amayi khumi akulira nthawi imodzi, aliyense ndi mawu ake, wina akukwera wina akutsika, koma limatha kusiyanitsa kulira kwa namfedwa ndi kwa mnansi wongoperekeza. Ndi lomwe lija limachezera kutchalitchi usiku wonse, anthu mazana akupemphera mokweza aliyense zake, ndipo limadziwa nthawi imene pempherolo lafika pachimake popanda wouza. Pa siteshoni, ang'wang'wazi asanu akukuwa pamodzi, limatola dzina la kwanu lokha. Khutu lotere silingandiuze kuti mawu ambiri olankhula nthawi imodzi amalisokoneza. Feza atamwalira, anzake anayi otsala analowa mu situdiyo ku London osapangana choimba, n'kuimba kwa maola angapo. Zinatuluka mu 1976 ngati Blue Notes for Mongezi. Imvani mmene Dyani amaitanira dzina la mnzake m'menemo, mubwere mundiuze kuti simunamvepo zotere ku Chingwere.

Musandimve molakwa, zimbale zoipa za free jazz zilipo, ndipo ndi zambiri. Alipo anthu amene amangouzira lipenga mwamphamvu osamvera wina aliyense, n'kumati ndi ufulu. Ichi ndicho chifukwa chake mapasa aja ali oopsa. Wa "phokoso" amataya chabwino pamodzi ndi choipa. Wa "moto" amaveka nkhata wonama pamodzi ndi katswiri. Wofuna kudziwa choti awonongerepo bundle yake sathandizidwa ndi aliyense wa iwo.

Ndemanga si chinthu chapatali. Tengani The Oracle cha Angel Bat Dawid, mayi wa ku Chicago woimba clarinet, chimene kampani ya International Anthem inatulutsa mu 2019. Chinthu choyamba chouza mnzanu n'chakuti pafupifupi chonse anachijambula pa foni yam'manja, yekha, kusanjikiza mawu pamwamba pa mawu, clarinet pamwamba pa kiyibodi. Foni ngati imene mwagwirayo. Zimamveka kuti ndi foni, ndipo m'malo ena mawuwo amaunjikana mpaka kuphimbana, koma kwa ine kufupika kwakeko, ngati munthu akuimbira m'chipinda chogona ana atagona, ndiko mphamvu ya chimbalechi. Chachiwiri, muli nyimbo imodzi yaitali imene anaijambulira ku Cape Town ndi woimba ng'oma wina wachinyamata, Asher Gamedze. Mukalemba dzina limenelo mwam'tsegulira mnzanu msewu. Alitsatira, apeza Dialectic Soul cha 2020, apeza Thembinkosi Mavimbela pa besi, Buddy Wells pa saksofoni, Robin Fassie-Kock pa lipenga, Nono Nkoane akuimba. Aliyense wa amenewa ali ndi njira yakeyake, ndipo ina ikam'fikitsa ku Johannesburg kwa a Mushroom Hour Half Hour, amene mu 2019 anatulutsa chimbale cha gulu lopeka pomwepo lotchedwa SPAZA. Spaza ndi kantemba kwa anzathu a ku South Africa. Mukuti za kumayadi?

Apa ndi pamene kagawidwe kathu ka nyimbo kamatipweteka. Sindikulalikirani za kuba. Ndikudziwa mtengo wa bundle, ndipo nyimbo zambiri zimene ndimakonda zinayenda pa Bluetooth ndi pa memory card zisanandipeze. Chimene sindingakhululuke ndi fayilo yolembedwa "Track 03". Munthu wathera zaka 20 akuphunzira ng'oma, inu mwam'chotsa dzina m'sekondi imodzi, ndipo wolandira nyimboyo, ngakhale ataikonda bwanji, alibe kolowera. Kulemba dzina la woimba, la chimbale ndi chaka sikudya data.

Ndipo musayembekeze kuti makina akuchitirani ntchitoyi. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikapitirira masekondi 30, ndipo ya mphindi 20 imawerengedwa kamodzi chimodzimodzi ndi ya mphindi ziwiri. Kuyambira 2024, nyimbo imene sinamvedwe kokwana 1,000 m'chaka silandira kanthu. Malamulo otere amakondera nyimbo zazifupi zogwira msanga, ndipo makina osankhira anthu nyimbo amakubweretserani chofanana ndi chimene munamva dzulo. Pa Bandcamp zinthu zili bwinoko: zimbale zambiri mutha kuzimva musanagule, mayina a oimba amalembedwa pansi, ndipo ndalama ya wogula yambiri imafika kwa eni nyimbo. Koma ngakhale kumeneko chimbale sichidziyendera chokha kubwera ku Mtendere. Chimabwera ndi munthu. Amene mulibe madola ogulira muli ndi chimene woimba wa ku Chicago kapena ku Soweto sangachigule: mizere khumi ya Chinyanja yofotokoza chimene mwamva.

Ndikuti ya Chinyanja dala, chifukwa pali m'bale wachitatu wa mapasa aja amene sindingam'siye. Uyu ndi wovala jazi ngati jekete. Amadziwa mayina onse, amanyoza kalindula, amaseka omvera Chef 187, ndipo akamalemba ndemanga amakopa Chingerezi cha m'magazini akunja, nyimbo iliyonse "spiritual", iliyonse "cosmic". M'funseni kuti pa mphindi yachisanu ndi chiwiri besi inachita chiyani, ayang'ana kumbali. Munthu ameneyu wathamangitsa achinyamata ambiri kuposa onse onena phokoso, chifukwa wawatsimikizira kuti nyimbozi zimafuna digiri. Chonsecho chilankhulo chathu chili ndi zida zabwino kuposa zake. Saksofoni imalira, imabuula, imasisima, imakuwa, imang'ung'udza, imanong'ona, imatsamwa. Mawu asanu ndi awiri, lililonse ndi tanthauzo lake, ndipo mwana wa giredi 7 amawasiyanitsa. Wolemba kuti "lipenga linasisima kenaka ng'oma inalidula pakamwa" wanena zambiri kuposa tsamba lathunthu la "cosmic".

Kuti ndisakhale wolamula chabe, nayi yanga. Gamedze anatulutsa Turbulence and Pulse mu 2023, ndipo ambiri akunja anachitamanda. Ine ndikuti sichifika pa Dialectic Soul. Chimayamba ndi iye mwini akufotokoza ndi pakamwa maganizo ake pa nthawi ndi mbiri ya anthu, ndipo kwa ine kufotokozako kumalanda ng'oma ntchito yake: wandiuza choti ndimve ndisanamve. Pa Dialectic Soul gulu limayamba ndi kukokana kwa zigawo zitatu za state of emergence, popanda wondigwira dzanja, ndipo pamene siyabulela ikufika ndi liwu la Nono Nkoane, kufatsa kwakeko ndakugwirira ntchito, ndakuyenera. Alipo pakati panu amene amva zimbale ziwirizi n'kuona kuti ndanama. Lemberani magazini ino. Tchulani nyimbo, tchulani mphindi, tchulani amene anali pa besi.