Mlimi wa ku Chitungwiza Naye Ngwathu

Anzanga alangizi, ambirife tinaphunzitsidwa kuti ntchito yathu imathera pamene tauni yayambira. Ine ndikuti maganizo amenewa atha ntchito, ndipo umboni wake uli ku Chitungwiza, kumwera kwa Harare.

Tauniyi ili ndi anthu oposa 370,000, ena mwa iwo adzukulu a Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe kalekale. Nyengo ya dzinja, malo alionse opanda nyumba ku Zengeza, St Mary's ndi Seke amadzalidwa chimanga. Mvula itayamba kuvuta, alimiwa anatsikira m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje ya Manyame ndi Nyatsime, kumene chinyontho chimakhalitsa. Sitingawadzudzule msanga, pakuti munthu wanjala amalima pamene mbewu ingamere.

Komatu dambo ndi nkhokwe ya madzi. Limamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Likagaulidwa chaka ndi chaka, kapena kumangidwapo nyumba, madzi amangothamanga, dothi nkukakwirira madamu. M'chilala cha 2024 madamu a Seke ndi Harava anaphwa, ndipo mabanja anadalira zitsime ndi mijigo. Amene akukumbukira kolera wa 2008, amene anayambira m'tauni yomweyi, akudziwa mapeto a madzi osowa.

Lamulo loletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera kumtsinje lilipo, ndipo nlabwino. Vuto nlakuti maphunziro a zachilengedwe amene mlimiyu amalandira amangomuuza choleka, osamuuza chochita m'malo mwake. Mayi wa ana asanu akamva "chokani m'dambo", amavomera mwaulemu, mvula ikagwa nkubwerera komweko.

Chomupatsa tili nacho. Ulimi wa Pfumvudza, umene boma la Zimbabwe linayamba kulimbikitsa mu 2020, umangofuna kamunda ka mamita 39 mulitali ndi 16 mulifupi: mayenje, manyowa ndi kuphimbira nthaka. Kwathu ku Malawi timati mtayakhasu. Pamtunda, kutali ndi mtsinje, mayenjewo amasunga madzi nthawi ya ng'amba. Chovuta m'tauni ndi zophimbira, chifukwa mapesi ambiri amatenthedwa, ndiponso malo. Apa mpofunika kuti mlangizi akhale pansi ndi khonsolo, apemphe minda yachitsanzo pasukulu ndi pamatchalitchi, ana ndi makolo aphunzirire limodzi.

Inu a ku Lilongwe, Chipata ndi Tete, takayenderani madambo a m'matauni mwanu mwezi wa Okutobala, makasu asanalowemo.