Rauta yanu ikuti chaka chino ndi 1970?

Anzanga a kunyanja amene munakwera ku Dowa ndi ku Ntchisi kukagulitsa Wi-Fi, tandimverani. Marauta ambiri otchipawa alibe kabatire ka wotchi m'kati, nthawi amaitenga pa intaneti. Ndiye magetsi akathima, netiweki nayo n'kubisala kuseli kwa mapiri a ku Mvera kapena ku Nthondo, rauta imadzuka itasokonezeka, ina mpaka kubwerera ku 1970. Mavocha a ola limodzi aja amatha nthawi isanakwane, ena osatha n'komwe. Kasitomala n'kumakutchani wakuba, chonsecho wolakwa ndi kabokosi.

Ine zanga ndi injini za maboti, koma izi sizilira katswiri wa ku Lilongwe ayi. Lumikizani foni ku rautayo, tsegulani adiresi yolembedwa kunsi kwake, monga 192.168.0.1, mupite pa Time Settings. Sankhani GMT+2, ya Harare ndi Pretoria ija, poti dzina la Malawi kawirikawiri mulibemo. Deti ndi nthawi mulembe pamanja, kenako Save. Bandulo sikufunika apa.

Koma ikathimanso, mubwerezanso. N'chifukwa chake ine ndimati musanagule chisipika chachikulu, yambani mwagula batire ndi kasola, rauta isamagone. Opanga marautawa nawonso amandinyansa. Kabatire ngati ka wotchi ya pamkono kakanawadyera ndalama zingati?