Injini Yatsopano Imabwera ndi Abale Ake

Munthu amene wadzipangira yekha galimoto, kuyambira pa kudula mapaipi kufikira pa kumanga mawilo, amakhala ndi cimwemwe cimene wogula galimoto yopangidwa kale sangacidziwe. Koma pakapita miyezi yowerengeka, tsiku lina akukwera citunda atanyamula matumba a cimanga, amamva injini ikulira motopa, ndipo mumtima mwake amayamba kunena kuti, “Ndicotse iyi, ndiikemo yaikulu.” Maganizo otere akangolowa m'mutu satuluka msanga. Ndipo popeza ndalama zogulira injini zimacokera m'thumba lomwelo mmene mumacokera za feteleza ndi za mayunifomu a ana, nkhaniyi imakhudza banja lonse. N'cifukwa cake mwezi uno tafuna kuti tiikambe pano, makamaka kwa makolo ndi amai a m'nyumba amene ali ndi mmisiri wotere pakhomo.

Tikunena za tigalimoto tija topepuka, topanda denga ndi zitseko, toyenda m'mcenga ndi m'njira za ngolo, timene Azungu amaticha buggy. Luso lopanga tigalimoto timeneti linakula ku California, m'dziko la America. M'caka ca 1964 mmisiri wina wa mabwato, dzina lake Bruce Meyers, anapanga kagalimoto ka thupi lopepuka, naikamo injini ya Volkswagen Beetle, nakacha dzina lakuti Manx. Pambuyo pake anayamba kumanga thupilo pa chasisi ya Beetle yomweyo ataifupikitsa ndi masentimita pafupifupi 36. M'caka ca 1967 kagalimoto ka mtundu umenewu kanapambana mpikisano woyamba wa Mexican 1000 m'cipululu ca Baja ku Mexico, kusiya m'mbuyo njinga zamoto ndi magalimoto a mainjini akuluakulu. Kodi kanapambana bwanji? Kanali kopepuka, ndipo injini yake inali kumbuyo, kumene imapanikiza pansi mawilo okankha kuti asaterere. Beetle imeneyi akuluakulu athu amaidziwa bwino, pakuti inkapangidwanso ku Uitenhage m'dziko la South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo zambiri zinayenda m'misewu ya kuno kwathu.

Injini ya Beetle ya 1600 cc ili ndi mphamvu imene amakaniko amaiyesa ya akavalo pafupifupi 50, ndipo imalemera makilogalamu opitirira pang'ono 100. Siifuna madzi, imazizira ndi mphepo ya fani pamodzi ndi oilo. Pa kagalimoto kolemera theka la tani kapena kuposerapo pang'ono, mphamvu imeneyi ndi yokwana. Tsono kakayamba kufooka, funso loyamba liyenera kukhala lakuti: kodi mphamvu inalipo ija yapita kuti? Ife tikuona malo anai amene imathawira, ndipo mwini wake ayambe wafufuza onsewa asanagwire sipana yomasulira injini.

Coyamba, injini ingakhale yodwala, osati yaing'ono. Mavalavu a Beetle amafuna kuwacuna kawirikawiri, injini ili yozizira, kusiya mpata wa mamilimita 0.15, akathina, valavu imapsa ndipo mphamvu imatha. Mapulagi, mapointi ndi kabureta nazonso zimafuna diso, ndipo sefa ya mpweya imatsekeka msanga ndi fumbi la September ndi October. Palinso malata amene amazinga injini. Amisiri ambiri amawataya poganiza kuti ndi zokongoletsa cabe, pamene nchito yao ndi kulondolera mphepo ya fani ku masilinda. Popanda iwo injini imatentha ndi kufooka. Makaniko wabwino ali ndi kacipangizo koyesera kupanikiza kwa silinda iliyonse pa bowo la pulagi. Imodzi ikapezeka yotsika kwambiri kuposa zinzake, matenda apezeka. Ubwino wa injini imeneyi ndi wakuti masilinda ndi mapisitoni ake amacoka paokhapaokha, cotero munthu angaikonze osagula injini yonse.

Caciwiri ndi matayala. Aliyense wopanga kagalimoto ka m'thengo amalakalaka matayala aatali kuti asamagunde zitsa ndi miyala. Koma tayala la Beetle ndi lotalika mainchi pafupifupi 25. Mukaikapo la mainchi 31, mphamvu yokankha imene imafika pansi imacepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ngakhale injini ili bwinobwino. Zili ngati wokwera njinga amene waika cheni pa giya ya pacigwa kenaka n'kumadandaula kuti miyendo yake yakalamba pa citunda. Mankhwala a vuto ili ali m'matayala kapena m'magiya.

Cacitatu ndi kulemera. Mmisiri woopa kuti cinthu cingathyoke amasankha mapaipi okhuthala, nawonjeza mipando, keriyala ndi bampa ya njanji. Pamenepo aikepo matumba asanu a makilogalamu 50 ndi anthu atatu, katundu wapitirira makilogalamu 400 pa kagalimoto kamene ubwino wake wonse unali kupepuka. Ngati nchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kututa cimanga ndi mtedza, tivomereze kuti banjalo likufuna vani kapena ngolo, ndipo palibe injini imene ingasandutse bulu kukhala ng'ombe zinai.

Cacinai ndi dziko lathu lenileni. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo Chipata ili pamwamba pa mamita 1,000. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse. Ndiye kuti kuno injini imapatsa mphamvu yocepa ndi gawo limodzi mwa khumi poyerekeza ndi imene inalembedwa m'buku lake. Kabureta yocunidwira ku gombe la nyanja imamwa petulo wambiri ikafika kuno, ndipo kusintha kajeti kake kumathandiza. Koma kutayika kwa mphamvu kumeneku kudzaigwiranso injini yatsopano imene mukuilakalaka.

Tsopano tinene kuti zonsezi zafufuzidwa, koma mtima ukali pa injini ina. Kumaiko akunja ambiri amasankha ya Subaru, cifukwa ndi yogona ngati ya Beetle, ndipo ya malita 2.2 imapatsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 130. Kuno kwathu maso amathamangira ku ya Toyota Corolla ya malita 1.5 kapena 1.6, ya akavalo pafupifupi 100. Akulu anati walira mvula walira matope. Injini zimenezi zili ngati mlendo amene safika yekha. Pambuyo pake pamabwera abale ake, ndipo aliyense afuna mphasa ndi mbale yake.

Mbale woyamba ndi radiyeta, ndi mapaipi ake a madzi ndi fani yamagetsi. Kagalimotoko kanapangidwa kopanda malo a zinthu zimenezi. Mukaiika kutsogolo, mapaipi ayenera kuyenda utali wonse wa galimoto, ndipo njere za udzu ndi matope zimaitseka. Mukaiika kumbuyo, mphepo siifikira bwino. Citsa cimodzi cikaboola paipi pakati pa thengo, ulendo wathera pomwepo. Waciwiri ndi magetsi: injini zamakonozi zimayendetsedwa ndi kompyuta, zimafuna mtolo wa mawaya, masensa, ndi pampu ya petulo yamphamvu imene thanki yakale ilibe. Wacitatu ndi cimbale cacitsulo columikizira injini ku giyabokosi, pamodzi ndi fulaiwilo ndi kalachi zoyenerana nazo. Cimbale cimeneci cimafuna makina osema zitsulo. Cikakhota ndi pang'ono pomwe, cimadya shafiti ya giyabokosi. Acenjerenso wogula, pakuti injini zambiri zakale za Honda zimazungulira kumbali yosiyana, ndipo woilumikiza ku giyabokosi ya Beetle adzapeza kuti ali ndi magiya anai obwerera m'mbuyo ndi imodzi yokha yopita kutsogolo. Wacinai ndi kulemera ndi msinkhu. Injini ya madzi ndi yolemera, ndipo ikalendewera kumbuyo kwa mawilo, kutsogolo kumapepuka, ciwongolero cimaleka kumvera pa mcenga. Sampu yake yosungira oilo imatsikanso pansi, pamene miyala ikuidikira.

Koma abale oopsa ndi aja amene saoneka pa tsiku logula. Giyabokosi ya Beetle inapangidwira akavalo 50. Mukaisenzetsa 130 pa matayala aakulu, mano ake sacedwa kuguluka. Odziwa amaikapo ya Kombi, imene ndi yolimba ndipo magiya ake ndi otsika. Ndipotu nthawi zambiri giyabokosi ya Kombi payokha imathetsa kufooka kumene kunayambitsa nkhani yonse, injini yakale ikadali momwemo. Kenaka mabuleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanai. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora imafuna malo oimira kanai kuposa yothamanga 40. Mabuleki a madiramu a Beetle yakale, atanyowa powoloka mtsinje, sangakwanitse nchito imeneyi. Ma Beetle ambiri akale alinso ndi ekiselo ya kumbuyo imene imalola wilo kupindikira kunsi pokhota mothamanga, ndipo kagalimoto kafupi, kolemera kumcira, kamagubuduzika mosavuta. Tikumbukire kuti mulibe zitseko, kuti mafupa ake ndi mapaipi owocheredwa pansi pa mtengo wa mango, ndiponso kuti amene amakonda kukwera kumbuyo ndi ana athu. Apa nkhani yacoka pa ndalama, yafika pa moyo.

Sitikunena kuti kusintha injini n'kulakwa nthawi zonse. Beetle yomaliza inatuluka m'fakitale ya ku Puebla m'dziko la Mexico mu July 2003, ndipo masipeya ake kuno amapezeka movutikira, kawirikawiri mocita kuitanitsa kunja. A Toyota amapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse, kuyambira ku Lusaka mpaka ku Petauke, Katete ndi Lundazi, ndipo amakaniko acinyamata anakulira pa injini zimenezo. Ngati bokosi la injini yakale lang'ambika, kapena kirankishafiti yatha kotero kuti kukonza kungafanane mtengo ndi kugula ina, ndi nzeru kusintha. Injini ya kompyuta imalira msanga m'mamawa wa June ndipo imadziyesera yokha petulo molingana ndi mpweya wa kumtunda. Koma wosankha njira imeneyi asankhe injini yaing'ono imene ingakwanitse nchito, ndipo ayambire pa mabuleki, giyabokosi, citsulo cochinjiriza mitu ndi malamba a pamipando. Injini ibwere pomalizira.

Palinso lamulo. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambala imeneyi imalembedwa m'buku la galimoto. Ofuna kuyenda pa msewu wa boma ayambe afunsa ku bungwe la Road Transport and Safety Agency za kalembetsedwe ka galimoto yodzipangira ndi ka injini yosinthidwa, afunsenso a inshuwalansi. Pogula, alandire risiti yolembedwapo nambala ya injiniyo ndi dzina la wogulitsa. Injini yochipa modabwitsa, yogulitsidwa madzulo kuseri kwa garaji, ingathe kudzetsa apolisi pakhomo, ndipo safunsa anadya phula.

Tsono uphungu wathu ku mabanja ndi uwu. Bambo ndi mai, kapena mnyamata ndi makolo ake, akhale pansi ndi pepala ndi pensulo. Kumanzere alembe mtengo wokonzera injini imene ilipo. Kumanja alembe mtengo wa injini yatsopano, ndipo pansi pake alembe abale ake onse mmodzimmodzi: radiyeta, mapaipi, mawaya, pampu, cimbale, kalachi, giyabokosi, mabuleki, malipiro a makaniko ndi a wowocherera, maulendo okafuna masipeya, ndi mapepala a boma. Mai wa m'nyumba ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti galimotoyo idzakhala miyezi ingati isakuyenda, ndi kuti pa miyezi imeneyo wodwala adzapita bwanji kucipatala. Nchitoyo isayambe mu October ndi ndalama za mbeu; iyembekeze zokolola zitagulitsidwa. Ndipo injini yakale isagulitsidwe kufikira yatsopano itayenda mwezi wathunthu. Tonse tinaonapo magalimoto okhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mipando. Ambiri a iwo anafika pamenepo akuyenda okha, ndipo anaphedwa ndi nchito imene inayambidwa ndalama zisanakwane.

Luso la manja ndi cuma ca banja, ndipo mwana amene angathe kupanga galimoto ndi zitsulo zotayidwa tiyenera kumulimbikitsa. Kumulimbikitsa kwabwino ndiko kumuphunzitsa kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ayambe ndi kacitsulo koyesera mavalavu, ayese masilinda, ayang'ane matayala, atsitse katundu. Zikalephera zonsezi, pamenepo abwere ndi pepala lake lija tikambirane za injini. Tsalani bwino, tidzakumananso mwezi wamawa.