Wofuna mwana wathu ayambe wakhala nafe

Kuno ku Nsanje za ana amasiye sitichita kumvera pa wailesi. Edzi inatisiyira ambiri, kenaka madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anagwetsa nyumba ndi nkhokwe za agogo amene ankalera anawo. Chaka cha njala gogo amaphika nyika kuti adzukulu angogona ndi kanthu m'mimba. N'chifukwa chake zikamveka kuti banja lina lochokera kunja likufuna kutenga mwana kuti akhale wawo mwalamulo, achibale ambiri amati tisaine msanga, mwana apite akadye bwino. Alendowo nawonso ali ndi changu chawo. Anasiya ntchito kwawo, akulipira lendi ku Blantyre, masiku a chitupa chokhalira m'dziko muno akutha, tsiku la kukhoti likungosinthasintha. Mbali zonse ziwiri zimaona miyezi yodikirayo ngati chilango.

Ana anga, miyezi imeneyo ndi ya mwana. Wamkulu aliyense woifupikitsa akulanda mwanayo chinthu chimene chikanamuteteza.

Lamulo lathu la nkhaniyi ndi lakale, la 1949, dziko lino likadali Nyasaland. Limati khoti lisapereke mwana kwa munthu amene sakhala m'Malawi. Ambiri tinalidziwa chifukwa cha woimba wa ku America uja, Madonna. Mu Okutobala 2006 khoti lalikulu ku Lilongwe linamupatsa chilolezo chongoyembekezera cha miyezi 18 chotengera David Banda wa ku Home of Hope ku Mchinji, ndipo pasanathe masiku ambiri mwana anali ali ku London. Chilolezo chotsiriza chinatuluka mu Meyi 2008. Atabweranso mu 2009 kudzafuna Chifundo James wa ku Kondanani ku Bvumbwe, woweruza Esme Chombo anakana mu Epulo, ponena kuti munthu wongofika kumene sitinganene kuti amakhala kuno, komanso kuti khomo likatsegulidwa chotero adzalowerapo ndi ogulitsa ana omwe. Mu Juni khoti la apilo, lotsogozedwa ndi Lovemore Munlo, linasintha chigamulocho. Linayang'ana thandizo limene mayiyo ankapereka kwa ana amasiye m'dziko muno, linayang'ananso tsogolo la mwana akanati atsale pamalo osungira ana.

Chigamulo cha khoti timachilemekeza, ndipo chipatala cha ana cha Mercy James, chimene Madonna anamanga ndipo chinatsegulidwa ku Queen Elizabeth mu 2017, chapulumutsa ana athu, a kuchigwa kuno omwe. Komabe nkhawa ya mayi Chombo ine ndimaigwirizira mpaka lero. Si mlendo aliyense amene adzamange chipatala. Ku Chad mu 2007 anagwira anthu a bungwe la ku France la Zoe's Ark akufuna kukweza ndege ana 103 amene ankati ndi amasiye a ku Darfur, chonsecho ambiri mwa anawo anali ndi makolo kapena achibale amoyo. Dziko la Ethiopia, limene linatumiza ana ambirimbiri kunja, linatseka khomo limeneli mu 2018. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene wabwera ndi mtima wolera amaoneka pakapita miyezi, mwana akadwala malungo usiku, akakana chakudya, akamalira kufuna agogo ake. Sabata ziwiri za ku hotela sizionetsa zimenezo.

Tsopano inu achibale, tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene timagwa. Kwathu kuno kupereka mwana kwa azakhali kapena kwa m'busa kuti amuphunzitse ndi chinthu cha masiku onse. Mwanayo amabwera pa tchuthi, akakula amabwerera kudzamanga pamudzi. Zakukhoti sizili choncho. Woweruza akasaina, udindo ndi ufulu wonse wa makolo umachoka kwa inu n'kupita kwa alendowo. Dzina likhoza kusintha, mwana amatenga pasipoti ya dziko lina, ndipo kubwera kudzakuonani kumatengera mtima wa amene amutengawo. Bambo ake a David anauzapo atolankhani mu 2006 kuti sanamvetse kuti mwana akupita mpaka kalekale, ngakhale pambuyo pake anati akuvomereza. Ngati zinasokoneza munthu pa nkhani imene dziko lonse linkaiyang'ana, nanga gogo wa kwa Tengani amene akudinda chala papepala la Chingerezi? Safunsa anadya phula. Auzeni a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma akuwerengereni pepalalo m'Chisena kapena m'Chimang'anja, mubwerere kunyumba, mugone nalo, mudzafunsenso.

Musasaine muli nokha. Kwa Asena, kumene analowola, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo abale a bambo ayenera kumva ngakhale bamboyo anamwalira. Kwa Amang'anja mwinimbumba ndi malume. Nthawi yodikira ija ndi imene imapereka mpata woti mawu akafike kwa bambo amene anapita kukadula nzimbe ku Nchalo, kapena kwa azakhali amene ali kutsidya ku Mozambique. Mwina pakati pawo alipo amene angamutenge mwanayo akadziwa. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana limanena kuti kutumiza mwana kunja kukhale njira yomaliza, zapakhomo zikakanika. Ndipo wina akabwera ndi envelopu ya ndalama kapena lonjezo la malata kuti musaine lero, kanani, mukanene kwa amfumu ndi kupolisi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kwa inu alendo athu, ngati wina angakumasulireni mawu awa: kudikira kwanu timakumvetsa, ndipo sitikukuonani ngati akuba. Ife a ku Nsanje kusunga mlendo timakudziwa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, abale athu othawa kwawo anadzaza boma lino, tinamwa nawo chitsime chimodzi kwa zaka. Koma musathere miyezi yanu m'mpanda ku Namiwawa mukuwerenga masiku. Tsikani phiri la Thabwa, muoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, mufike kuno kotentha kumene mwanayo anabadwira. Phunzirani kupereka moni. Khalani pamphasa ndi agogo ake, muone manda a mayi ake, mudye nsima ya mapira ndi mlamba. Funsani mfunda wake, mudzi wake, mfumu yake, dzina limene anapatsidwa atatuluka m'chikuta ndi amene anamutcha, mulembe zonsezo m'buku pamodzi ndi zithunzi. Tsiku lina ali ndi zaka 15 adzakufunsani kuti ine ndine yani, ndipo chikalata cha kukhoti sichidzamuyankha. Chibale ndi fupa, sichiola.

Konzekeraninso kumva yankho loti ayi. Kafukufuku wa a boma akhoza kupeza malume amene akufuna kulera mwanayo, ndipo mudzabwerera kwanu manja ali m'thumba, mtima ukuwawa. Zikatero musati mwataya nthawi. Ngati chikondi chanu pa mwanayo chinali chenicheni, fizi yake ya kusekondale ikhoza kuchokera kwa inu iye akugona kwa malume akewo.

Mawu anga otsala ndi a mafumu ndi makomiti oteteza ana m'midzi. Mabanja ambiri amene amapereka mwana samutaya chifukwa chosamukonda, ndi njala imene imawasainitsa. Musanachitire umboni pepala lililonse, yambani mwafufuza ngati gogoyo analembedwa pa Mtukula Pakhomo, ngati mpingo wake ukudziwa, ngati ku sukulu ya mkombaphala kuli malo. Zimenezi zikalephereka ndi pamene mungayambe kukamba za ulendo wa kukhoti ku Blantyre.